Mlongo Wanga Ali mu Ayezi

Lolemba, 3 Marichi

Bambo a mwana afika lero. Okha. Anapita awiri ndi mlongo wanga kukakonza mathirakitala kumalekezero a dziko, kumwera kwenikweni, kopanda mtengo ndi umodzi womwe, ayezi yekhayekha. Chikwama cha mlongo wanga abwera nacho, mwini wake ayi. Ndawaphikira, ndawatenthetsera madzi osamba. Kuwayang'ana kumaso ndiye kwandikanika.

Lachitatu, 5 Marichi

Amasula chingwe changa choyanikapo zovala, achimanga kuchokera pakhomo la kukhitchini mpaka kugalaja. Pafupi pomwepa! Popita agwire, pobwera agwire. Mwana akuti, "Adadi asanduka malaya." Sindinaseke. Zovala ndayanika pampanda.

Lachinayi, 6 Marichi

Amayi pafoni: "Ndiye tilire maliro opanda mtembo?"

Loweruka, 8 Marichi

Ndimapala ayezi mufuriji, iwo n'kuima kumbuyo kwanga n'kuyamba kulankhula osafunsidwa.

Akuti kumeneko dothi sulipondapo. Ayezi wake ndi wokuya makilomita, ndipo sakhala malo amodzi, amasendera kunyanja pang'onopang'ono, n'kumang'ambika. Ming'alu yake imakwiririka pamwamba, umaponda ngati pabwino. Mphepo ikadzuka zonse zimayera mbuu, ngakhale dzanja lako osaliona. Ndiye mumayenda mutagwira chingwe, n'kumakokana kuti mnzako adziwe kuti ulipo.

"Ndinakoka katatu, alamu anayankha katatu. Nditakokanso, chingwe chinangobwera chopepuka."

Kenako: "Kumeneko munthu sawola, mayi a mwana. Ali momwe analilimo, ndi chipewa chija munawalukira."

Amati akunditonthoza kapena? Ndawalasa: "Munamutenga ndinu. Ntchito anali nayo konkuno." Ndapitiriza kupala ayezi wanga.

Lamulungu, 9 Marichi

Mlongo wanga akuyenda ndi ayezi uja. Ine ndikusesa, iye akuyenda. Ndikutsuka mbale, akuyenda, chigonere, chipewa chili kumutu. Akamadzafika kunyanja tonse tidzakhala titaiwalika, iye ndevu zake zosametazo zili chimodzimodzi. Munthu woopa madzi ozizira uja, wosamba mokuwa mpaka aneba kudandaula. Ndamusowa, Mulungu wanga. Furiji sindinaitsegule lero.

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndalongedza. Mawa ine ndi mwana tikupita kwa amayi. Ndikudziwa kuti bambo a mwana sanamukankhire mumng'alu, koma ndikamva akutafuna, akutsokomola, amoyo, mtima umandiwawa. Chikwama changa achiona. Angodutsa n'kukagwira chingwe chawo.

Lachitatu, 12 Marichi

Kwacha ndi chifunga chadzaoneni. Ndatsegula chitseko, chikwama m'manja, mwana pambuyo. Galaja osaoneka, mpanda osaoneka. Kuyera kokhakokha.

Ndiye mawu, ngati akuchokera kutali: "Alamu! Alamu!"

Chingwe pamsomali chinkagwedezeka. Kukoka, kukoka, kukoka. Chete. Kuyambiranso. Mwana anandigwira siketi.

Sindikudziwa kuti chikwama ndinachiika pansi nthawi yanji. Ndinagwira chingwe, chonyowa, chozizira, n'kukoka katatu.

Chinalemera. Bambo a mwana anatulukira m'chifungamo, dzanja ndi dzanja pachingwe, opanda nsapato, nkhope yonse misozi.

"Si alamu anu," ndinatero. "Ndine."

"Ndikudziwa. Musasiye."

Basi ya m'mawa yapita. Chikwama chikadali pakhomo, sindinachimasule. M'manja mwangamu chingwe chasiya mzere wofiira.