Mashelefu Ndimawadziwa Pamtima

Okondedwa asuweni,

Lachiwiri pa 9 Meyi tinaitanidwa ku ofesi ya nyumba yosungiramo katundu. Tinalipo opakira 14, a kapitawo, ndi mayi wina amene akukonza maphunziro a pa kompyuta kuti tileke kutumiza katundu wolakwika. Pepani, ndayamba nkhani ndisanakulonjereni. Muli bwanji kumeneko? Ife tilipo, ana akupita kusukulu.

Maphunzirowo ali ngati sewero. Pa kompyuta pamabwera oda, mashelefu ndi makatoni, iwe n'kusankha loyenera m'masekondi 40. Tisanayambe, mayiwo anandifunsa mwaulemu, "Bambo, zaka 11 osalakwitsa oda, mumatani?" Ndinati ndimangosamala basi. Woyendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, amene analinso pomwepo, anakuwa, "Madala awa amachita kununkhiza katoni, madamu!" Onse anaseka, inenso ndinaseka.

Zoona zake, mashelefu onse ndimawadziwa pamtima, mapazi amandifikitsa okha. Koma m'seweromo makatoni amawasintha malo dala, ndipo manambala ake ndi ang'onoang'ono. Pa mafunso 20 ndinakhoza 6. A kapitawo anati mwina kompyuta yandisokoneza, ndidzabwereze pa 23. Akuti wolephera kawiri akaonana ndi abwana. Chichokereni mu ofesimo mtima sunakhale pansi.

Paja dokotala wa maso uja amene anathandiza amalume atayamba kuona ngati utsi, akadali kwanuko? Ndangofunsa chabe. Mayi a ana akungodziwa kuti ndikuphunzira kompyuta, ndipo akunyadira kwa anzawo.

Yankho mutumize kuntchito, osati kunyumba. Chonde, mulembe zilembo zikuluzikulu.

Ndine msuweni wanu.