Boti la Kuseri kwa Shopu

Loweruka, 4 Novembala 2023

Boti latha. Miyezi isanu ndi iwiri kuseri kwa nyumba, kumata faibala, kupala, kumatanso, manja kuyabwa ngati ndagwira chitedze. Lero penti yomaliza, yofiira. Buluu wakale amene tinaligula naye wasowa m'mashopu. Dzana ndinalidzaza madzi kuti ndione podontha, pansi pouma gwa.

Atate alizungulira akulisisita. Maso awo akupita, adokotala anati chaka chamawa mwina basi. Ndinawalonjeza kupita nawo ku mtsinje wa Kafue boma lisanatseke usodzi pa 1 Disembala. Akufuna kuonanso kachidutswa ka patapata pa chingwe chawo kakumira nsomba ikadya. Ndi chokhacho chimene andipemphapo chipumire ntchito ya njanji.

Lamulungu, 5 Novembala

Mnzanga Ricky anabwera ndi kanta yake, kalole konyamulira katundu, titachoka ku tchalitchi. Amuna asanu. Boti silikutuluka.

Mu Epulo linalowera mpata wa m'mbali mwa nyumba. Mu Julaye ndinamanga shopu ya Towera, mkazi wanga, pampata womwewo. Ineyo, ndi manja angawa, tepi ili m'thumba. Mpata wotsala masentimita 90, boti 140. Tinaligoneka cham'mbali, lalowa, koma pakona ya shopu lakana kukhota. Penti yakalika. Munthu wowotcherera mageti a komboni yonse ya Kanyama, kulephera kuyeza panyumba pake. Manyazi.

Lachitatu, 8 Novembala

Tinati tilidutsitse padenga. Ricky anakwera kukaona, mwendo unalowa m'malata mpaka m'bondo. Bowo lili pamwamba penipeni pa bedi lathu. Mitambo nayo yayamba kusonkhana.

Towera anandipeza ndikuyang'ana kona ija. "Ba Victor, mukagwila shopu yanga na sando, muzagona mu boti yamene iyo." Nyundoyo ndinaisiya pomwe inali. Shopuyo ndi imene ikutidyetsa magetsi akamathima kuntchito.

Lolemba, 13 Novembala

Njira yotsala ndi mpanda wakumbuyo, wa Ba Musonda. Sitilankhulana chikwezere ine bwalo langa ndi zigumu chaka chatha, madzi onse a mvula n'kukathera m'nyumba mwawo. Ndinapita chipewa m'manja. Ndinati mizere inayi yokha ya mabuloko, ndibwezeretsa tsiku lomwelo.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Munanitumila manzi, manje mufuna kunitumila na boti? Lindilani mvula, izayenda yeka."

Ndinabwerako mtima ukuwira. Chowawa n'chakuti sanalakwe.

Lamulungu, 19 Novembala

Mvula masiku atatu. Beseni pabedi. Boti ladzaza, Towera akutungamo madzi ochapira, akuti bola lagwirako ntchito. Udzudzu wayamba kuswana momwemo. Mumsewu monse tsopano ndine Ba Kaputeni.

Atate m'mawa uliwonse pampando wawo, kumanga mbedza, kumasula, kumanganso. Safunsa kuti tipita liti. Akanafunsa bwenzi nditakalipa, n'kupepukidwa. Kwatsala masiku khumi ndi limodzi.

Lachisanu, 24 Novembala

Ndakapa madzi onse, ndapukuta. Kenaka ndinakhala pansi ndi atate pafupi ndi boti, masana dzuwa lili phwee, ndi kuwauza kuti ndalephera. Anati ndisavutike. "Nizankhala chabe pano niziyang'ana. Iyi buluu yake niikonda maningi."

Buluu.

Masabata atatu boti lili psuu pamaso pawo. Ndinadutsitsa dzanja pankhope pawo, kawiri. Osaphethira.

Ndinafunsa kuti chiyambire liti. Akuti Ogasiti. "Nenze kuyopa kuti ukaziba uzaleka kukonza." Ndinafunsa kuti nanga ku Kafue akaona chiyani. Anandigwira dzanja n'kutsina nsonga ya chala changa. "Nsomba imamvekela apa. Va patapata nenze kukamba chabe."

Ine wowerenga masiku pa kalenda, kuthamangitsana ndi maso amene anatseka kalekale. Tikudyera mbale imodzi, osazindikira. Ndinalira, sindibisa. Towera anali pakhomo ndi ndowa, sindikudziwa anaima nthawi yaitali bwanji.

Loweruka, 25 Novembala

Ndadzuka ndapeza shuga, sopo ndi mafuta zili pabalaza, mashelefu a kukona ali mbee. Towera wandipatsa sando osandiyang'ana. "Mabuloko muchose bwinobwino, Mande muzamangilanso mweka."

Mizere isanu ndi iwiri yatsika. Boti lakhota, lili pageti, anthu aunjikana ngati pali ukwati. Ba Musonda anasuzumira pampanda, kenaka anabwera kudzagwira kumchira.

Ricky afika mawa faifi koloko. Atate apachika kale jekete pachitseko, mbedza m'thumba. Andifunsa ngati penti yakalika kwambiri, akuti buluu wotere savuta kupeza ku tauni. Ndawauza kuti ndikafunafuna.