Atisiya Bambo Chipewa, Amene Sankathamangira Kulengeza Imfa

Kwa mayi wamasiye, ana, alongo a malemu, ndi nonse amene munakula mukumvera mawu awo pa wayilesi.

Bungwe la Oulutsa Mawu Opuma pa Ntchito lalandira modzidzimuka ndi mosweka mtima uthenga wa imfa ya mnzathu ndi mphunzitsi wathu, amene omvera ankawadziwa ndi dzina lakuti Bambo Chipewa. Anagwa pamalo odikirira basi Lachiwiri m'mawa, akuchokera kogula mankhwala, ndipo sanadzukenso. Ndikulemba ndi misozi m'malo mwa anzanga onse, koma ndinganame nditati ndi misozi yokha. Mkwiyo nawo ulipo, ndipo pa msinkhu wangawu ndilibe woti ndimuope.

Malemuwa anayamba ntchito ku positi, akutumiza matelegalamu, masiku amene munthu ankasankha mawu ngati akusankha mbewu. Atalowa m'nyumba youlutsira mawu, anapatsidwa pulogalamu imene ena tonse tinkaizemba, ya mauthenga a maliro, ndipo anakalamba nayo. Anawerenga makalata obwera m'matumba, ena olembedwa ndi pensulo pa pepala la m'kope. Anaona lamya ya waya ikubwera ndi kupita. Anaphunzira kuwerenga timauthenga ta pa foni magalasi ali pamphuno. Ndipo ambiri a ife amene lero timadzitcha akatswiri anatiphunzitsa ndi iwo kupuma tisanatchule dzina la munthu wakufa. Dzina lawo linachokera mu situdiyo momwemo. Nyali yofiira yosonyeza kuti ayamba kuulutsa ikangoyaka ankavula chipewa n'kuchiika pa bondo, ngakhale kunalibe omvera amene akanawaona. Tinkawaseka kuti maikolofoni ilibe maso. Iwo ankangoti, "Anamalira ali nawo."

Anali ndi lamulo limodzi limene linkatopetsa mabwana. Uthenga ukabwera, ankayamba afunsa woubweretsayo kuti, "Kodi mayi ake amva? Nanga mkazi wake?" Munthu akadodoma, kalatayo inkagona m'dilowa kufikira abale atauzidwa pakamwa, atakhala pansi. Bwana wina anawakalipira ine ndili pomwepo, kuti wayilesi inayo itipitirira. "Itipitirire," anayankha. "Kuthamanga sikufika." Pulogalamuyo anadzaithetsa anthu ena, ati masiku ano imfa imalengezedwa pa foni, ndipo mnzathuyu anatuluka pa geti ndi katoni ya matepi imene panalibe woifuna.

Tsono tamverani mmene dziko lawathokozera. Atagwa pa msewu paja, mafoni anatuluka m'matumba nsalu yowafunditsa isanapezeke. Ndipo nyumba youlutsira mawu ija anaitumikira, inde yomweyo, inaika chithunzi chawo ali chigonere pa msewupo pa tsamba lake la pa intaneti, n'kudzitamandira pamwamba pake kuti ndiyo yoyamba kulengeza. Mayi a kunyumba anali akusita malaya a amuna awo pamene mayi woyandikana nawo nyumba analowa akulira, n'kuwaika foni kumaso. Anaona amuna awo atagona pa fumbi, nsapato imodzi itavuka. Umo ndi mmene anamvera.

Nditafika pa nyumbapo masana, mayiwa anandikokera ku khonde. "A Wapampando," anatero, "ine zandichitikira, basi. Koma alamu anga asamve ngati mmene ndamvera inemu. Pitani mukawauze ndinu." Alamu awowo ndi alongo aakulu a malemu, amene anawalera makolo atamwalira. Ndi okalamba, maso anasiya kuona, foni alibe, ndipo amakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Anali munthu mmodzi yekha wotsala amene tikanatha kumuchitira ulemu umene malemuwa anachitira anthu osawerengeka.

Ndinaimbira foni mkonzi wa tsamba lija, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira maikolofoni, kumupempha kuti achotse chithunzicho kwa tsiku limodzi lokha. "Bwana, pepani, koma yafalikira kale," anandiyankha mwaulemu kwambiri. "Komanso anthu akuiwerenga kwambiri." Anthu akuiwerenga kwambiri. Ndakhala pa ntchito imeneyi moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti mtembo wa mnzako ungasanduke chokopera anthu. Manyazi anandigwira ine m'malo mwa iye.

Ine ndi mlembi wa bungwe tinakwera basi yoyamba Lachitatu, tikubwereza m'njira mawu oyambira, ngati ophunzira ntchito. Tinafika dzuwa litapendeka. Tinawapeza mayiwo atakhala pa mpando pafupi ndi zenera, manja ali pa miyendo, kawayilesi kawo kali zii pa tebulo. Tisanamalize n'komwe malonje, mdzukulu wawo wamkulu, amene amawasamalira, anatinong'oneza kuti tachedwa. Bambo wina wogulitsa makala anali atadutsa dzulo lake, ndipo poona kuti gogowo sangaone chithunzi, anawatsegulira kanema wojambulidwa pa msewu paja n'kuwaika foni pa khutu. Anamva phokoso la magalimoto, ndi mawu a munthu akuuza anzake kuti asunthe akumutchinga. Kuyambira pamenepo sanadye, sanalire, sanayankhule.

Oyamba kuyankhula anali gogowo.

"Ndinu a ku ntchito kwa mlongo wanga?"

"Ndife, mayi."

"Ndamva kale. Koma khalani pansi mundiuze."

Ndinakhala pansi, ndinawagwira dzanja, ndipo ndinawauza zonse kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, ngati sanamvepo kanthu. Nditatchula dzina la mlongo wawo, m'pamene analira.

Kwa inu achinyamata amene mwatenga malo athu, sitikudana ndi zipangizo zanu, ndipo ena a ife tili nazo m'matumba. Koma maliro n'kulirana, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Pa mwambo woika maliro, banja lapempha kuti pasakhale wojambula, ndipo mamembala athu adzaima pa geti kuonetsetsa kuti zatero. Amene akufuna kukhala woyamba, akhale woyamba kunyamula bokosi.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi, kwa ana, ndi kwa abale onse. Mulungu akupukuteni misozi ndipo akupatseni mphamvu m'masiku owawa ano, ndiponso mzimu wa mnzathu uuse mu mtendere umene msewu unawamana. Kwa inu alongo a malemu, amene uthenga uno akuwerengerani mdzukulu wanu, pepani kawiri. Tinalawira ndithu, mayi. Basi yolawira kuposa ija kunalibe.

Wapampando,
Bungwe la Oulutsa Mawu Opuma pa Ntchito