Amene Akumuphunzitsa Namanyazi Chingerezi

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, ndipo mwendo uja unasiya kukuvutitsani. Kuno tilipo, kupatula alamu anu amene chimfine chawagwira koma akukana mankhwala ngati mwana.

Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa ndimakudziwani, mukanandidula pakamwa ndisanafike pakati. Chonde werengani mpaka kumapeto.

Mayeso oyankhula Chingerezi ayandikira. Mwana amalowa yekha m'chipinda, oyesa awiri ali pa tebulo, amamupatsa chithunzi kuti afotokoze, kenako amamupanikiza ndi mafunso. Masana tikaweruka ndimatsala ndi kalasi yanga n'kumayeserera. Ine ndimakhala woyesa, nditakwinya nkhope, iwo n'kumalowa mmodzimmodzi.

Namanyazi wanu mukumudziwa. Polemba palibe womuposa, koma akaimirira kutsogolo lilime limauma gwa, amangopotokola batani la juzi. Ndinali nditayamba kutaya mtima.

Ndiye mwezi wathawu mwana anasintha mwadzidzidzi. Ndinamupatsa chithunzi cha anthu odikira basi, iye n'kuyamba kukhuthula Chingerezi ngati mpopi wosatseka. Anzake anaomba m'manja. Ine mtima unangoti myuu. Mawu enawo sindinawaphunzitsepo. Komanso asanayankhe ankayamba wagogoda tebulo ndi zala ziwiri, n'kukhosomola pang'ono. Amenewo si machitidwe a mtsikana, ndi a munthu wamkulu, wamwamuna.

Kunyumba kwathu kuno nako anayamba kufika dzuwa litapendeka. Ndikafunsa ankati anali ku laibulale. Mayi wa ku laibulale anandiuza kuti sanamuonepo chiyambire teremu.

Maganizo anga anathamangira kwa a Tayi, mphunzitsi watsopano amene amakonda kuitanira atsikana mu ofesi kuti akawakonze katchulidwe ka mawu. Ndinayamba kuwalondalonda bambo a eni ake. Ndinkalowa mu ofesi mwawo osagogoda, ati ndikufuna choko. Tsiku lina ndinawapeza ali okhaokha akuchonga, n'kundifunsa ngati chokocho ndimachita kudya. Manyazi anandigwira, koma kukayika sikunathe.

Lachitatu ndinamutsatira mwanayo. Ku ofesi sanakhotereko. Anatuluka pageti, n'kudutsa pamsika, n'kulowa kanjira ka kuseri kwa sitolo ya matayala, mpaka m'kashopu kosindikiza mapepala. Ine ndinaima pawindo n'kusuzumira pakati pa mapepala omatidwa pagalasi.

Achemwali, khalani pansi. Pa tebulo panali bambo ake. Imvi zamera, thupi latha, koma ndi iwowo. Anali atagwira kalendala yakale, akumulozera chithunzi, akumufunsa ndi Chingerezi chawo cha kuhotela chija chimene anakukopani nacho. Zala ziwiri zikugogoda tebulo. Ndipo mwana ankaseka, kuseka kumene sindinakumvepo m'nyumba mwanga.

Mawa lake ndinapitako ndekha. Anandilandira ngati tinasiyana dzulo. Anati anakumana ndi Namanyazi mwangozi mwanayo atabwera kudzasindikiza mapepala a kusukulu, ndipo iwo akungofuna kuti mwana wawo akhoze. Ndinawafunsa kuti zaka zonsezi anali kuti, pamene mwanayo ankadwala inu mukugona pa benchi kuchipatala. Anangotembenukira ku makina awo osindikizira. Koma ndikutuluka anaponya mawu akuti mayeso akatha mwana akhoza kukakhala kwawo, poti nyumba ndi yaikulu ndipo akazi awo angobereka mapasa.

Mwamva? Mapasa. Kodi akufuna mwana wawo, kapena akufuna wolera ana? Sindikudziwa, ndipo zikundisowetsa tulo. Mwina munthu wasinthadi. Mwina ndi yemwe uja, wapakamwa potsekemera.

Namanyazi sindinamuuze kuti ndinaona. Koma dzulo poyeserera ndinamufunsa funso limene oyesa amalikonda, lakuti afotokoze za banja lake. Anandiyang'ana m'maso n'kunena m'Chingerezi chosalala kuti, "Ndili ndi amayi amene amagwira ntchito kutali chifukwa cha ine. Ndili ndi amayi aang'ono amene amanditsatira mumsewu. Ndilinso ndi bambo."

Anzake anaseka za mumsewuzo. Ine ndinangoitana wotsatira.

Pempho langa ndi ili. Mwanayo musamuimbire mwaukali, ndipo bambo akewo musawaimbire n'komwe mpaka mayeso atadutsa. Mukamukalipira tsopano adzalowa m'chipinda muja ndi misozi, ndipo sadzatikhululukira tonse awiri. Koma akangomaliza, pemphani tchuthi mubwere. Nkhaniyi yandikulira. Ine ndingathe kumutsatira mumsewu, koma kumuletsa kuonana ndi bambo ake sindingathe, ndipo sindikudziwanso ngati n'koyenera. Zimenezo mwanayo akudikira kumva kwa inu.

Mundiperekere moni kwa achimwene mukawaona, ndi kwa anzanu a kuntchito aja. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mtima wodekha powerenga izi.

Ndine mng'ono wanu,
Mayi ake aang'ono a Namanyazi