Mikrofoni Yomva Kwambiri

Amake Vânia,

Mwadzuka bwanji? Tiyamike Ambuye potidzutsa amoyo. Ndathamangira shapa, minibasi ya ku Ulongwe, inu mukadali kumunda.

Pogula mikrofoni ija, wogulitsa anandifunsa ngati ndikufuna yomva kwambiri kapena pang'ono. Ine, pofuna kuti nyimbo za kwaya zifike kumwamba, ndinasankha yomva kwambiri. Imamvadi! Dzulo tikujambula m'chipinda, inu munkasankha nyemba kuseri ndi amake Zita. Pakati pa nyimbo mukumveka bwinobwino mukunena kuti, "Amayi Celeste akakweza mawu, nkhuku zanga zimasiya kuikira."

Ndayesa kufufuta mawuwo pa komputadori, koma ndafufuta kwaya yonse, mwatsala nokha.

Amayi Celestewo, monga wapampando wa kwayayi, abwera masana kudzamvera nyimboyo. Musawanamize kuti magetsi azima, bodza ndi tchimo. Ingozulani chingwe cha makoluna, zokuzira mawu zija, muwapatse thobwa, muwafunse za adzukulu awo mmodzimmodzi mpaka ndibwere ndi mikrofoni yogonthako.

Pepani, mayi. Mulungu amene anatseka pakamwa pa mikango akudalitseni, atsekenso makoluna aja.

Ndine wanu,
Josias