Ndasiya kudya mlamba

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwa Lundu tonse tili bwino, kungoti dzuwa likutiwotcha ngati tinalilakwira.

Nkhani ndi iyi: mlongo wanu uja munkamutcha ng'ona chifukwa chokonda nsomba, wasiya kudya mlamba. Lamlungu amayi anaphika wowamba, ine n'kungokankha mbale. Iwo anati, "Iwe, walowa mpingo woletsa mlamba uja? Nena msanga, ndikawauze abusa asavutike kukufunafuna."

Ndinaseka, koma si za mpingo ayi. Ku ofesi yathu yosamalira anthu kunabwera mayi wina amene mwamuna wake anapita ndi madzi osefukira. Anandifotokozera mmene anakampezera m'bango patatha masiku, milamba itamuzungulira. Ndinamulimbitsa mtima monga anatiphunzitsira kukoleji, iye n'kubwerera atapepukidwa. Amene ndinatsala nazo ndine. Chiyambire tsiku limenelo, ndikangomva fungo la mlamba, ndimadzuka n'kuchokapo.

Nditawauza amayi, osatchula dzina la munthu, anachotsa mbale mwakachetechete, n'kufunsa kuti, "Iwe umamvera aliyense, nanga iweyo amakumvera ndani?"

Achemwali, inu anamwino mumaona zoposa izi. Kodi zimatha zokha, kapena pali chimene mumachita mukaweruka? Ndikufuna kudziwa ndisanayambe kuopa ntchito imene ndimaikonda. Mundiimbire foni Loweruka, koma ulendo uno wolankhula ndikhale ine.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Zuze