Mwana wanga anandiyeza ndili moyo

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye, kalaliki woyeza masamba a tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Musandione choncho, ku yunivesite ndinafikako. Ndinasiyira chaka chachiwiri chifukwa cha mimba ya mwana yemwe ndikukudandaulirani leroyu, Everson. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu pano ndi mabwana, ine ndikukanganabe ndi othyola tiyi pa sikelo.

Everson digiri anaimaliza, ya uinjiniya. Ndinkati manyazi anga achoka. Koma mwanayo anakabwereka shedi pa boma pamodzi ndi anzake awiri, ati akupanga mipando yojambula yekha. Ukalipentala, Aphungu. Autchule m'Chingerezi mmene angafunire.

Mwezi wathawu ndinapitako koyamba, atandichonderera. Sindinama, malowo ndi osamalika. Mnzake Stafford amapala matabwa a bulugamu, mtsikana wina dzina lake Teleza amasoka makushoni, zojambula za Everson zili mbwee pakhoma. Anandionetsa mpando wopanda msomali ngakhale umodzi. Ine ndinati agogo ake osapita kusukulu ankasema yoteroyo ndi kasemasema.

Kenako anandikhazika pa benchi, n'kutulutsa tepi, n'kugwada. Anayamba kundiyeza kuchokera pa bondo kufika pansi, kenako msana. Munthu womaliza amene ndinamuona akuyezedwa anali bambo ake, ali gone pamphasa, adzukulu atalowa ndi bango kuti akakumbe manda.

Ndinakankha dzanja lake. Ndinati, "Iwe, ndikupuma ine! Wayamba kale bokosi langa? Ndinataya sukulu yanga kuti ndibereke wokhoma mabokosi?" Stafford anazimitsa makina. Teleza anati, "Ayi mayi, amafuna akupangireni mpando wa msana wanuwo, anayamba kalekale kuujambula." Ndinamuuza kuti mayi ake ali kwawo. Everson anangopinda tepi yake n'kuti, "Pepani amayi, sindinkadziwa kuti ndinakudyerani sukulu." Anandiperekeza pokwerera minibasi.

Chichokereni kumeneko foni saimba. Ndamva kwa mlongo wanga kuti Khirisimasi ino sabwera, komanso akuganiza zosamukira ku Lilongwe. Mwana ndi yekhayo. Koma kholo ine ndiyambe kupepesa, chonsecho wophwanya mwambo ndi iye? Ndiuzeni mmene ndingamuchititsire kuti aone kulakwa kwake.

T.M., Thyolo

Mayi T.M.,

Mantha anu ndawamva, ndipo si opanda pake. Amene anaona bango likuyeza mwamuna wake sangakhale phee tepi ikamukhudza mosayembekezera. Everson anayenera kuyamba wapempha. Kulakwa kwake kwathera pomwepo, ndipo n'kwakung'ono.

Kwanu ndiye kwakukulu. Telala amakuyezani, simunena kuti akusoka nsalu ya maliro. Mwana anaona msana wa mayi ake ukupindika pa sikelo, n'kuganiza zoupumitsa ndi luso limene ali nalo. Inu munamuuza pamaso pa anzake a ntchito kuti kubadwa kwake ndi kumene kunakuonongerani moyo. Za bokosizo tsiku lina mudzaziseka nonse. Za sukuluzi ndiye zamulowa, mwamva nokha mmene anakuyankhirani. Iye sanapemphe kubadwa, mayi, ndipo digiri yake sinali yomalizitsa yanu.

Musatume mlongo wanu, musalembenso uthenga pafoni. Kwerani minibasi mupite ku shedi komweko nthawi ya ntchito, chifukwa munamunyozera pagulu. Muuzeni za bango la bambo ake. N'kutheka kuti patsikulo iye anali panja, sanaone zimene munaona inu. Mukatero bwezani mawu aja momveka bwino: "Sukulu ndinasiya ndine, iwe sunandilande kanthu." Musaphatikizepo "koma". Teleza nayenso mumupepese, anangofuna kukuthandizani. Everson akapanda kuyankha tsiku lomwelo musamukakamize, ndipo za mpando musafunse. Mukamupeza akugwira ntchito, khalani pansi muonerere, pakamwa pali potseka.

Ngati sukulu ikukuwawanibe, chilonda chimenecho n'chanu, chichizeni nokha. Alipo a msinkhu wanu amene akuphunzira Loweruka ndi Lamlungu.

Chenjerani ndi kudikira kuti iye ayambe. Mwana wokwiya amakangana nanu, ndipo ameneyo amabwerera. Wanuyu anapepesa mwaulemu n'kukhala chete, ndipo ana otere akapita amapitiratu. Akakhazikika ku Lilongwe thandizo azidzatumiza, moni azidzapereka, mwaulemu womwewo, koma pakhonde panu sadzakhalanso pansi. Pitani Khirisimasi isanafike.

Aphungu